Mlendo Akaoloka Malire, Amayamba Kumulandira Ndani?

Pa 23 Disembala 2024 bwalo lotanthauzira malamulo aakulu a dziko la Mozambique lidagamula kuti a Daniel Chapo a chipani cha Frelimo ndiwo adapambana pa chisankho cha pa 9 Okutobala chaka chomwecho. Otsatira a Venâncio Mondlane sadavomere chigamulocho, ndipo chipwirikiti chimene chidayambira m'mizinda chidafalikira msanga mpaka kumidzi. Masitolo adaphwanyidwa, nyumba za boma zidatenthedwa, ndipo anthu a m'boma la Morrumbala ndi madera oyandikana nalo adayamba kuoloka mitsinje ya Shire ndi Ruo kuloza ku Nsanje. Ambiri mwa iwo adali amayi ndi ana. Idali nyengo ya mvula, idalinso nyengo ya njala, pakuti m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho boma lathu lidali litalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 adagwa m'tsoka la chilala, ndipo anthu 5.7 miliyoni ankayembekezera thandizo la chakudya.

Nkhani za masiku amenewo zidatchula mabungwe amene adabweretsa matenti, ufa ndi mankhwala, ndipo nkoyenera kuwathokoza. Komatu pali funso limene sitidalifunse mokwanira. Kuyambira tsiku limene munthu adatsika m'bwato kufikira tsiku limene galimoto yoyamba ya thandizo idafika, munthuyo adagona kuti, nanga adadya chiyani? Pa gombe padalibe mlembi wa bungwe lililonse. Padali mwini bwato amene adaolotsa anthu ena opanda ndi tambala yomwe. Padali mayi amene adapungulako ufa umene sudali wokwanira ana ake omwe. Padali nyakwawa imene idaloza alendo khonde la uje ndi la uje, mphunzitsi wamkulu amene adatsekula zipinda zophunziriramo, ndi akulu a mpingo amene adayala mphasa m'tchalitchi. Anthu amenewa savala malaya olembedwa dzina la bungwe, ndipo maina awo sapezeka m'malipoti. Koma ndiwo odzipereka oyamba, ndipo ntchito yonse yothandiza othawa kwawo pa malire imamangidwa pa misana yawo. Tikafuna kukamba za anthu odzipereka, amene ena amawatcha mavolontiya, tiyenera kuyambira pamenepa.

Kuti timvetse chifukwa chake anthu osauka amachita zotere popanda wowatuma, tiyenera kukumbukira chimene malire athu ali. Adajambulidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi pa pangano lawo la mu 1891, ndipo kutalika kwake pakati pa Malawi ndi Mozambique ndi makilomita pafupifupi 1,500. Ojambulawo sadafunse mwini mudzi. Adadutsa pakati pa Asena ndi Amang'anja ku chigwa cha Shire, pakati pa Alomwe ku Mulanje ndi Milange, pakati pa Ayao ku Mangochi ndi Mandimba, ndiponso pakati pa Angoni ndi Achewa ku Ntcheu, Dedza ndi Angónia. Aliyense amene adayendapo pa msewu wa pakati pa Ntcheu ndi Dedza akudziwa kuti m'malo ambiri msewu womwewo ndiwo malire. Pa Lizulu munthu amagula kabichi m'dziko lino ndi kukapsa mtengo wa mbatatesi m'dziko linalo, atangodumpha phula. Tsono munthu wa ku Angónia akafika pa khomo la ku Ntcheu usiku atasenza mtolo, mwini khomo saona "wothawa kwawo" monga amanenera malamulo. Amaona mlamu, kapena mwana wa azakhali, kapena munthu wa mfunda wake.

Si za dzulo zimenezi. Alomwe ambiri adalowa m'dziko muno kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Asena ambiri adaoloka mu 1917 nkhondo ya Makombe itavuta. Ndipo tisadziyese ochereza okhaokha, ife tidathawakonso. Mu 1972 a Mboni za Yehova zikwizikwi adachoka m'dziko muno atazunzidwa, nakakhala ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, kenaka ku Mlangeni m'dziko la Mozambique. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo pa malire mwambi umenewu anthu sauphunzira m'buku.

Chiyeso chachikulu chidadza mu 1986. M'miyezi yomaliza ya chaka chimenecho nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo idakula m'zigawo za Zambézia ndi Tete, matauni monga Milange ndi Mutarara adagwa, ndipo anthu adakhamukira kuno ngati madzi osefukira. Pofika mu 1992 othawa nkhondo adapitirira 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa mu 1987 adapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. M'boma la Nsanje alendo adachuluka koposa eni nthaka. Misasa monga Mankhokwe, Nyamithuthu ndi Lisungwi idasanduka mizinda ya udzu. Koma anthu ambirimbiri, makamaka ku Dedza ndi ku Ntcheu, sadalowe mu msasa konse. Adamanga m'midzi, pa malo amene mafumu adawadulira.

Taonani dongosolo la zinthu m'mene lidayendera. Anthu adayamba kufika mwaunyinji mu 1986. Dziko lathu lidalowa m'pangano la maiko onse la mu 1951 lokhudza othawa kwawo mu 1987. Lamulo lathu la othawa kwawo lidakhazikitsidwa mu 1989. Ndiko kunena kuti mudzi udayamba, boma ndi mabungwe zidatsatira, lamulo lidadza pambuyo pa onse. Chaka cha 2024 sichidasinthe dongosolo limeneli, ndipo sindikuona chimene chingadzalisinthe, pakuti ofesi ili kutali ndipo mudzi uli pomwepo.

Mabungwe atafika padabadwa odzipereka a mtundu wachiwiri, amene ntchito yawo imaoneka. Bungwe la Malawi Red Cross ndilo lidasenza udindo wogawa chakudya chimene chinkabwera kudzera ku World Food Programme, ndipo ntchito ya manja idagwiridwa ndi anyamata ndi atsikana a m'midzi yomweyo pamodzi ndi othawa nkhondo eni ake. Munthu amene sadaonepo tsiku logawa chakudya amaganiza kuti ndi ntchito ya chifundo chabe. Ayi ndithu, ndi ntchito ya masamu ndi ya chikumbumtima. Pali matumba otsitsa m'galimoto, pali makhadi oonetsetsa, pali chitini choyezera chimene chiyenera kudzaza mofanana kwa munthu woyamba m'mawa ndi kwa womaliza dzuwa litapendeka. Wogawa akamapereweza pang'ono pa chitini chilichonse, madzulo amatsala ndi matumba angapo amene palibe buku likuwadziwa. Akamasefukiza kwa abale ake, nkhalamba ya kumapeto kwa mzere imabwerera chimanjamanja. Ndipo iye mwini nthawi zambiri amachokera pa khomo pamene sipadafuke utsi dzulo lake. Kuima tsiku lathunthu pakati pa matumba a ufa uli ndi njala, osatapako, ndi kulimba mtima kumene ife a m'tauni sitikudziwa kukula kwake.

Za kuwerenga anthu nazo nzovuta. Mu Disembala 2024 ziwerengero zoyamba zidati ofika adali pafupifupi 13,000, koma kalembera atachitika mosamala adapezeka oposa 7,000. Pasakhale wothamangira kunena kuti wina adanama. Pa malire anthu amaoloka m'mawa ndi kubwerera madzulo kukaona mbewu ndi ziweto, ena amalembetsa pawiri poopa kutsalira, ndipo mwini mudzi wanjala naye amaima pa mzere nati ndine wa kutsidya. Chinenero nchimodzi, maina ngofanana, nkhope nzomwezo. Mlembi wochokera ku Lilongwe sangasiyanitse. Amene angathe ndi munthu wa pomwepo, ndipo tikamufunsa kuti aloze mnzake wa pa mudzi kuti uyu si mlendo, tadziwa kuti tamusenzetsa katundu amene adzamulemera alendo atapita kale.

Komabe ntchito imene imapulumutsa miyoyo yambiri si ya pa mzere wa ufa. Anthu akaunjikana pa malo amodzi, chimene chimawatha msanga ndi matenda otsekula m'mimba, chikuku ndi malungo. M'miyezi yomaliza ya 1990 kolera idabuka ku Nyamithuthu, ndipo anthu pafupifupi 2,000 adagonekedwa, ochuluka mwa iwo ongofika kumene. Akatswiri a zaumoyo atafufuza adapeza zinthu zitatu zimene zinkafalitsa matendawo: kumwa madzi a mu mtsinje, kuviika manja m'madzi akumwa osungidwa m'nyumba, ndi kudya nandolo wogona kwa mabanja amene adalibe nkhuni zokwanira zotenthetsera chakudya. Tamvani bwino pamenepa. Kusowa kwa nkhuni kudasanduka kolera. Mayi amene adayenda mtunda wautali osapeza ndi chitsotso chomwe adapatsa ana ake mkute wozizira, ndipo ana adadwala.

Zinthu zitatuzi palibe chimene chimafuna dokotala wochokera kunja. Zimafuna munthu woyenda khomo ndi khomo, wolankhula Chisena kapena Chimang'anja chomveka, amene angauze mwini nyumba popanda kumunyoza kuti mtsuko uvindikiridwe, kuti chikho chotungira chikhale china ndi chomwera china, kuti mankhwala a kolorini athiridwe motere. Zimafuna anthu okumba zimbudzi, chimodzi pa anthu 20 monga umanenera muyezo wa mabungwe, ndiponso ena ozisesa, pakuti chimbudzi chonyansa anthu amachithawa ndi kubwerera kutchire. Zimafuna woima pa mjigo kuletsa ndewu, wosungunula madzi a Thanzi usiku, wozindikira mwana amene maso alowa m'kati ndi kumuthamangitsira kuchipatala m'bandakucha usadafike. Palibe wojambula zithunzi amene amatsatira wosesa chimbudzi. Koma ndikadafunsidwa kuti pa odzipereka onse ndani ayenera kulandira mendulo, ndikadatchula iyeyo.

Chaka chomwecho cha 1990 chidatiphunzitsa chinthu china chimene chikukhudza mwachindunji nkhani yathu. Pakati pa Febuluwale ndi Okutobala othawa nkhondo oposa 18,000 adadwala matenda a pellagra. Matendawa amadza munthu akamadya chimanga chokhachokha kwa nthawi yaitali ndi kusowa vitamini wotchedwa niacin. Khungu limada ndi kusendeka m'khosi ndi m'manja, m'malo amene dzuwa limaomba, m'mimba mumatsekuka, ndipo akakula mutu umasokonezeka. Chidayambitsa ndi chakuti mtedza, umene udali pa mndandanda wa chakudya chogawidwa, udaleka kubwera kwa miyezi isanu. Amayi ndiwo adadwala kwambiri kuposa abambo, ndipo aliyense wodziwa m'mene mbale imayendera pa banja la njala sangadabwe nazo. Koma ofufuza adapezanso kuti mabanja amene adali ndi kamunda kapena kadimba kawo ankatetezeka.

Kadimba kameneko adakapereka ndani? Sikadatsike m'sitima ya pamadzi. Kadachokera kwa mfumu imene idati limani apa, kapena kwa mwini munda amene adadula ndime nati mudzabweza mukadzapita. Pamene thandizo la maiko olemera lidaphonya, chimene chidatchinga anthu ku matenda ndi mphatso ya munthu wosauka imene sidalembedwe m'buku lililonse la ndalama. Nchifukwa chake ndikunena kuti mwini mudzi si woonerera pa ntchito imeneyi, kapena wolandira zotsala. Iye ndiye mzati, ndipo mabungwe ndi mitanda yodzasanjika pamwamba.

Tsono mzatiwo udalipira mtengo wotani? Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame a mu 1986 adakhala zaka zisanu ndi zitatu. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu ambiri adabwerera kwawo mu 1993 ndi 1994. M'zaka zimenezo mitengo idatha m'mapiri ndi m'madambo oyandikana ndi misasa, pakuti banja lililonse linkafuna milimo yomangira ndi nkhuni za tsiku ndi tsiku, ndipo nyemba ndi nandolo wouma zimadya nkhuni zambiri. Minda imene idabwerekedwa idaguga. Misewu idakumbika ndi magalimoto olemera. Mtengo wa ganyu udatsika, poti panali manja ambiri ofuna kulima pa mbale ya ufa. Zoona, padatsala zipatala, masukulu ndi mijigo m'malo ena, ndipo amalonda ena adalemera. Koma wolemerayo sadali mayi uja adapungula ufa.

Chilala cha mu 1992 chidaika zonse poyera. M'maboma a m'malire mudapezeka kuti mlendo wa khadi ali ndi chakudya chobwera pa nthawi yake, pamene womulandira alibe kanthu m'nkhokwe. Ku chigwa cha Shire anthu akasowa chimanga amalowa m'madambo kukazula nyika, kumene kuli ng'ona. Munthu wochokera kukazula nyika akadutsa pa msasa naona matumba akutsitsidwa, mtima wake umalankhula zimene pakamwa sipanena. Apa ndi pamene chifundo chimayambira kuchita dzimbiri. Anthu ophunzira akamva mwini mudzi akudandaula amathamangira kumutcha wodana ndi alendo. Ine ndikuona kuti nthawi zambiri ndi munthu amene adapereka poyamba, adapereka koposa onse molingana ndi chimene adali nacho, ndipo palibe adabwera kudzamufunsa kuti nanga inu mwagona bwanji.

Za ku Kapise m'boma la Mwanza zidaonetsa mbali ina ya ntchitoyi. Chisankho cha mu 2014 chitatsutsidwa, asilikali a boma la Mozambique ndi a Renamo adayambanso kulimbana m'chigawo cha Tete, ndipo pofika mu Malichi 2016 anthu pafupifupi 10,000 adali ataunjikana pa mudzi waung'onowo. A bungwe la Médecins Sans Frontières adadandaula poyera m'mwezi wa Febuluwale kuti anthu oposa 5,000 ankagwiritsa ntchito zimbudzi 14 zokha. Akuluakulu ena a ku Mozambique ankakana kuti anthuwo ngothawa nkhondo, ndipo pamene maboma awiri ankakambirana za dzina loyenera kuwatcha, mudzi wa Kapise ndiwo unkagawana nawo madzi ndi nkhuni. Kuyambira mu Epulo chaka chimenecho anthu adayamba kusamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno. Ena adapita monyinyirika, poti kukhala pafupi ndi malire nkukhala pafupi ndi munda wako. Koma pangano la maiko a mu Africa la mu 1969 limati othawa kwawo akhazikitsidwe patali ndithu ndi malire a dziko lawo, ndipo chifukwa chake nchomveka: amene adawathamangitsa ali tsidya lomwelo, ndipo makutu awo ali pakati pa anthu.

Pamenepa wodzipereka ayenera kukhala ndi mwambo umene sitiuphunzitsa mokwanira, ndiwo mwambo wa pakamwa. Sayenera kufunsa munthu kuti unkavotera yani, kapena mwamuna wako ali mbali iti. Akamva, asunge. Kale chinsinsi chinkauluka pa mowa, lero chimauluka pa foni. Mnyamata wa mtima wabwino amajambula banja longofika kumene, naika chithunzicho pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti anthu amve chisoni ndi kuthandiza, osadziwa kuti chithunzi sichiima pa chipata kuonetsa chiphaso. Madzulo omwewo chaonedwa ku mudzi umene banjalo lathawa, kumene kwatsala nkhalamba, ng'ombe ndi nyumba. Palinso choipa china chimene tiyenera kuchitchula dzina: munthu wogwira khadi la chakudya ali ndi mphamvu pa mtsikana wanjala, ndipo si onse ovala malaya a bungwe amene amaopa Mulungu. Pa malo aliwonse ogawirapo zinthu payenera kukhala amayi pakati pa ogawa, ndiponso njira yoti wolakwiridwa akadandaule kwa munthu wina, osati kwa womulakwirayo.

Tifike tsono pa nkhani ya ndalama, imene ambiri amaizemba. Kuyambira zaka za m'ma 1990 mabungwe adazoloweza anthu kuti msonkhano uliwonse umatha ndi kusaina pepala ndi kulandira alawansi. Zotsatira zake tonse tikuziona. Mudzi umene kale unkalambula msewu pa kulira kwa belu lero umayamba wafunsa kuti kodi pali kangachepe. Pa msasa wa othawa kwawo matendawa amaonekera msanga: bungwe lina limapereka ya sopo, lina silipereka, ndipo odzipereka amasamukira kumene kukununkhira, kusiya zimbudzi zopanda wosesa. Mfumu nayo imayesedwa kulemba ana ake ndi adzukulu pa mndandanda wa odzipereka.

Koma ndisamveke ngati ndikuti osauka azigwira ntchito yaulere mpaka kalekale. Pali kusiyana pakati pa kuzima moto pa nyumba ya mnzako ndi kulembedwa ntchito ya ulonda. Sabata yoyamba munthu amathandiza chifukwa cha umunthu, ndipo kumulipira nkumunyoza. Koma mukamuuza kuti azifika m'mawa uliwonse kwa miyezi itatu, m'nyengo yopalira ndi kubandira, mwamulanda munda wake wa chaka chimenecho. Womuyang'anira amalandira malipiro pa mwezi, amayenda pa galimoto, amagona ku nyumba ya alendo pa boma, ndipo amamuyamikira kuti ali ndi mtima wodzipereka. Chilungamo chake nchosavuta: ntchito ya masiku ochepa ikhale yaulere, ntchito yokhalitsa ikhale ndi malipiro odziwika, ofanana pa mabungwe onse, olengezedwa pa bwalo kuti aliyense amve. Chimene chimaononga mudzi si ndalama, koma ndalama yoperekedwa m'chibisibisi kwa osankhidwa mwa chinsinsi.

Nanga ife a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, amene timamva nkhani pa wailesi mtima ndi kutiwawa? Mipingo, mizikiti ndi magulu a achinyamata amasonkhanitsa zovala, nadzaza galimoto, nathamangira kumalire. Mtimawo ngwabwino, koma kawirikawiri galimoto imafika popanda wodziwa, katundu sakwanira onse, amphamvu amalanda, ndipo odzipereka a pomwepo amatsala ndi mkangano woti auzime alendo a tsiku limodzi atabwerera. Wofuna kuthandiza ayambe wafika kwa bwanamkubwa wa bomalo ndi kufunsa chimene chikusoweka. Mwina adzamva kuti si majekete, koma sopo, zidebe zovindikira, nsalu za amayi ndi makasu okumbira zimbudzi. Ndipo pa matumba khumi alionse, ena apite ku makomo amene asunga alendo. Amene ali ndi luso, monga anamwino, aphunzitsi ndi amisiri a mijigo, apereke masiku awo pansi pa anthu amene ali kale pa ntchitoyo, osati kudzayambitsa ufumu wawo.

Zonsezi zikufunika kwambiri tsopano chifukwa chitsime chimene tinkadalira chikuphwa. Mu 2023 World Food Programme idadula thandizo la anthu a ku Dzaleka mpaka theka chifukwa chosowa ndalama. Mu Januwale 2025, anthu a ku Morrumbala ali m'matenti ku Nyamithuthu, boma la United States lidaimitsa thandizo lake lambiri la kunja, ndipo maiko ena olemera nawo adachepetsa lawo. Mwamwayi alendo a ulendo umenewo sadakhalitse, pakuti ambiri adabwerera kwawo mu Malichi 2025. Akadakhala zaka ngati a mu 1986, masiku a pakati pa bwato ndi galimoto ya thandizo akadatalika, ndipo wosenza akadakhala yemwe uja.

Malamulo athu nawo sakumuthandiza. Polowa m'pangano la mu 1951 dziko lathu lidakana kumangidwa ndi ndime zina, monga za ufulu wa othawa kwawo wogwira ntchito ndi wokhala kumene afuna. Nchifukwa chake msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene udatsekulidwa mu 1994 pa malo a ndende yakale ndipo udakonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000, udafika posunga oposa 50,000. Nchifukwa chakenso mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali adagwira othawa kwawo m'mizinda, ena nkuwasunga ku ndende ya Maula, asadawapititse ku Dzaleka. Boma lili ndi zifukwa zake za chitetezo, ndipo sindikuzipeputsa. Koma tizindikire kuti chimene chidapulumutsa anthu m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, ndiko kukhala pakati pa eni mudzi ndi kulima kamunda, ndi chimene lamulo lathu silichifuna. Mfumu ya pa malire imene yadulira mlendo ndime imachita za umunthu, koma lamulo silinena kuti imeneyo ndi ntchito ya dziko yoyenera kuthandizidwa.

Pali zochepa zimene zingachitike osadikira ndalama za kunja. M'midzi yambiri muli kale makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amene adaphunzira ntchito pa madzi osefukira ndi pa namondwe Freddy mu 2023. M'maboma a m'malire makomiti omwewo aphunzitsidwe za kulandira othawa kwawo: kulemba maina tsiku loyamba, kupatula ana ofika opanda makolo ndi kudziwitsa a Red Cross amene amalondola abale, kusankhiratu malo ena kuti sukulu isasanduke chigono ana a pomwepo ndi kuleka kuphunzira. Pa zipatala zazing'ono za m'malire pazikhala kolorini, Thanzi ndi mapepala a pulasitiki osungidwira tsiku lotere. Ndipo pamene alembi alemba mlendo, alembenso khomo limene lamusunga, kuti pogawa asadzadumphe mwini nkhokwe imene idatsekulidwa poyamba.

Zonse takambazi zatsamira pa chibale, pa malire amene mbali zonse ziwiri zimalira maliro amodzi. Kumpoto nkhani ndi ina. Anthu olowera ku Karonga ndi ku Chitipa amachokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, atadutsa m'maiko ena, ndipo gulu la M23 litalanda mizinda ya Goma ndi Bukavu kumayambiriro kwa 2025 panalibe chifukwa choganizira kuti njira imeneyo idzauma. Iwo alibe mlamu pa Songwe, alibe mfunda wodziwika kwa nyakwawa, ndipo amalankhula Chiswahili, Kirundi kapena Chifalansa. Kawirikawiri womasulira wawo woyamba amakhala wamalonda wa pa chipata, ndipo wowalandira akafika ku Dzaleka amakhala wothawa kwawo mnzawo amene adafika zaka khumi zapitazo. Za odzipereka a mtundu umenewu tidzakamba m'gawo lotsatira.